Matenda amodzi koma wina akulima, wina sakugona: yankho kwa achemwali a ku Dwangwa

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa cha ku Dwangwa, boma la Nkhotakota. Alemba kuti: "Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 61. Chaka chatha anawauza kuchipatala kuti mtima wawo unakula ndipo ndi wofooka chifukwa cha BP, komanso magazi ndi ochepa. Chiyambire Januwale agonekedwa katatu, miyendo imatupa, usiku sagona amangokhala tsonga. M'buku analemba Hb 7.4. Koma m'mudzi mwathu momwemo muli abambo ena anawapezanso ndi matenda omwewo a mtima, mankhwala amalandira ofanana, iwowo akulima mpunga bwinobwino, njinga akupalasa. Abale ayamba kunena kuti pali munthu, ena akuti achipatala akuwapatsa mankhwala olakwika. Matenda amodzi angasiyane chonchi? Ndiuzeni zoona, amayi anga achira?"

Achemwali, zikomo polemba, ndipo pepani ndi matendawa. Kudwazika mayi wokubereka si chinthu chapafupi, makamaka ukamaona mnzawo wa matenda omwewo akudutsa pa njinga pakhomo panu pomwe. Ndiyankha motalika ndithu chifukwa funso lanuli timalimva pafupifupi tsiku lililonse la kliniki, koma mzere umakhala wautali mpaka panja nde mpata wokhala pansi n'kufotokoza bwinobwino umasowa. Amene akuwagwira amayi ndi manja ndi adokotala a kwanuko, zangazi zikuthandizeni kumvetsa zomwe zikuchitika ndi kudziwa zokafunsa.

Matenda a amayi anu ndi a abambo aja si amodzi, olo m'mabuku mwawo munalembedwa mawu ofanana. Dzina la matenda limangotiuza chiwalo chomwe chavuta, silinena kuti chawonongeka kufika pati. Nyumba ziwiri zitha kudontha zonse mvula ikamagwa, ina pangoboka kamalo kamodzi pa udzu mwini wake amangosuntha mphasa basi, ina phaso lonse linadyedwa ndi chiswe. Mukafunsa eni ake onse akuuzani kuti nyumba yanga ikudontha. Koma simungayembekeze kuti zonse zifika mu Epulo zili chiimire. Ife tikamafuna kudziwa kuti munthu zimuyendera bwanji, dzinalo timaliyang'ana pang'ono chabe, chomwe timayang'ana kwambiri ndi pomwe matenda afika komanso matenda ena amene akwera pamwamba pake.

Mtima ndi mnofu wopopa, kukula kwake ngati chibakera chanu. Umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, pa tsiku kumakwana ka 100,000, ndipo munthu wamkulu olo angokhala phee umakankha magazi pafupifupi malita 5 pa mphindi iliyonse. BP ikakhala yokwera zaka ndi zaka, ife timayamba kuitchula yokwera pa 140/90, mtima umakhala ngati munthu wopalasa bwato molimbana ndi mwera tsiku ndi tsiku osakocheza. Poyamba mnofu uja umakhuthala, umalimbikira, munthu samva kalikonse, n'chifukwa chake BP anthu amaipeputsa. Kenako umatopa n'kuyamba kutamuka ngati legeni yakale, ndi pomwe pa X-ray timati mtima wakula. Kukula kumeneku si mphamvu ayi, ndi kulefuka. Magazi akalephera kukankhidwa onse amadikha kumbuyo, madzi n'kumatuluka m'mitsempha kulowa m'mapapo, m'miyendo, m'mimba. Impso nazo zikaona kuti magazi akubwera ochepa zimayesa thupi lauma nde zimayamba kusunga mchere ndi madzi, katundu n'kuonjezekera pa mtima wotopa kale. Zoti amayi sagona chagada chifukwa chake n'chimenechi, akagona madzi a m'miyendo aja amabwerera pachifuwa, amabanika, akadzuka n'kukhala tsonga madzi amatsika amapezako mpweya.

Pali muyeso wina wakale kwambiri umene anaukonza madokotala a mtima a ku New York m'chaka cha 1928, mpaka lero dziko lonse tikuugwiritsabe ntchito chifukwa sufuna makina aliwonse. Umagawa odwala mtima wofooka m'masiteji 4 ndipo inu nomwe mutha kuwaika amayi pa siteji yawo muli pakhonde. Pa yoyamba munthu matenda ali nawo koma ntchito zake akugwira osamva kanthu. Ndikuganiza abambo a njinga aja ali pamenepa, kapena pa yachiwiri pomwe munthu amachita befu akayenda kamtunda, kukwera chitunda, kusenza kathumba, koma akapuma pang'ono zatha. Siteji 3 ndi pomwe tinthu ting'onoting'ono tayamba kulemera, kusesa pabwalo, kusamba, kupita kuchimbudzi kuseri n'kubwerako, munthu aime kaye agwire khoma, koma akakhala pansi ali bwino. Siteji 4 olo atakhala osachita kanthu mpweya sukwana, kulankhula amachita kudula mawu pakati. Mmene mwafotokozeramu amayi anu akuyenda pakati pa 3 ndi 4, ndipo kugonekedwa katatu m'miyezi yochepa ndi chizindikiro chomwe ife sitichipeputsa, chifukwa munthu amene akubwererabwerera mu wodi mtima wake umakhala uli m'mphepete, kanthu kakang'ono kamaugwetsa.

Palinso nambala imene imachokera pa sikani ya mtima, ija timati echo. Dzina lake ndi ejection fraction, m'buku amangolemba EF. Imaonetsa kuti mwa magazi amene alowa m'chipinda chachikulu cha mtima, ochuluka bwanji amatuluka mtima ukafinya kamodzi. Kwa munthu wabwinobwino ndi pakati pa 50 ndi 70 pa 100. Ikatsika pansi pa 40 timati mtima wafookadi. Nde wina atha kukhala pa 40 wina pa 20, onse m'buku mwalembedwa heart failure, onse atenga mapilitsi pa windo limodzi. Ngati amayi sanapangidwepo echo, funsani ku kliniki ya NCD, ija ya matenda osapatsirana monga BP ndi shuga, kuchipatala cha boma, ndipo ngati pangafunike kuwatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe adokotala awo ndi amene amalemba kalata. Ulendo wake wodutsa ku Salima ndi wautali kwa munthu wobanika, musaunyamuke iwo ali pa siteji 4, ayambe aphwa kaye.

Koma mu uthenga wanu chomwe chandigwira mtima kwambiri si mtima ayi, ndi Hb 7.4 uja. Ndikhalapo pang'ono pamenepa chifukwa ndikuona kuti kusiyana kwakukulu ndi abambo aja kuli apa, ndipo mwayi wa amayi anu ulinso pomwepa.

Hb ndi muyeso wa chinthu chofiira cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya wa oksijeni kuchoka m'mapapo kupita thupi lonse. Bungwe la WHO limati mayi amene sali woyembekezera akhale ndi 12 kupita m'mwamba, bambo 13, woyembekezera 11. Munthu wamkulu ikatsika pansi pa 8 ndiye kuchepa magazi kwa seriyasi. Taganizani kudzaza mgolo ndi madzi a pa mjigo. Muli ndi ndowa yaikulu mupita maulendo khumi mwamaliza. Akulandeni ndowayo akupatseni kachidebe, mgolo ndi womwewo, nde muyenera kupita maulendo ochuluka ndiponso mothamanga. Mtsikana wa zaka 18 atha kupirira, atopa koma adzaza. Agogo a bondo lotupa sangathe. Magazi akachepa mtima umayenera kugunda mothamanga ndi kupopa kwambiri kuti oksijeni yemweyo afike, mtima wabwino umakwanitsa kwa kanthawi, koma wa amayi anu wafooka kale ndipo iwonso mnofu wa mtimawo ukulandira oksijeni wochepa. Abambo aja mwina Hb yawo ndi 13 kapena 14. Iwo akusenza katundu mmodzi, amayi anu awiri, ndipo awiriwa amalemeretsana.

N'chifukwa chake nambala payokha sitiikhulupirira. Mwana wa sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo aja, Hb yake ya masiku onse imakhala cha pa 6 mpaka 9 chifukwa maselo ake ofiira amakhala masiku 10 mpaka 20 okha pomwe a munthu wina amakhala masiku 120, koma mumupeza akusewera mpira wa chikulunga pa Hb 7 chifukwa thupi linazolowera ndipo mtima ndi watsopano. Mayi amene wataya magazi pobereka n'kutsika kuchoka pa 12 kufika pa 7 mu ola limodzi atha kukomoka. Nambala imodzimodzi, anthu atatu, nkhani zitatu. Timafunsa kuti yatsika mwachangu bwanji, ndipo yapeza thupi lotani.

Funso lomwe ndikufuna mukalimbikire nalo kuchipatala ndi loti magaziwo akupita kuti. Mayi wa zaka 61 anasiya kusamba kalekale, magazi sangangochepa popanda chifukwa, ndipo kungomupatsa mapilitsi owonjezera magazi osafufuza kuli ngati kuthira madzi mu mtsuko woboka. Kuno kunyanja timayamba ndi zathu zomwe tikuzidziwa. Malungo obwerezabwereza amaswa maselo ofiira. Likodzo, aliyense amene amachapa, kusamba kapena kulima mpunga m'madzi a kuno ali pachiopsezo, ndipo limatha kumudya munthu magazi pang'onopang'ono zaka zambiri, mankhwala ake ndi praziquantel. Njoka za m'mimba zolowera kuphazi zija zimayamwa magazi m'matumbo, albendazole amathana nazo. Kenako pali zilonda za m'mimba zotuluka magazi mobisika, chizindikiro chake chimbudzi chakuda bii ngati phula. Impso zikafooka, ndipo BP ya zaka zambiri imazifooketsadi, thupi limachepetsa kupanga magazi, nde ayezedwe creatinine, muyeso wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito. Ayezedwenso HIV ndi TB olo muone ngati sizikuwakhudza, ndi malamulo athu kwa wina aliyense wochepa magazi chonchi. Ndipo ichi mukawafunse inuyo mwana wamkazi muli awiriwiri, chifukwa kwa dokotala wachimuna amayi athu ambiri sanena: kodi sakuona magazi kapena chikazi chonunkha kumusi? Khansa ya khomo la chiberekero m'Malawi muno ndi yochuluka kuposa m'mayiko ambiri padziko lapansi, ndipo mayi amene anasiya kusamba akaonanso magazi ayenera kuyezedwa msangamsanga.

Ndinaonapo mayi wina wa msinkhu ngati womwewu, anabwera naye atamunyamula, miyendo ngati mitondo, abale atayamba kale kuitana a kutali. Hb inali yotsika kwambiri. Titafunsitsa tinapeza kuti chifukwa cha msana amamwa Brufen ndi Indocid wa pagolosale pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi, osauza munthu chifukwa kwa iwo amenewo sanali mankhwala oti n'kutchula. Mapilitsi amenewa ndi diclofenac amachita zoipa ziwiri nthawi imodzi kwa wodwala mtima, amakanda m'mimba mpaka kutuluka magazi, komanso amapangitsa impso kusunga mchere ndi madzi. Titawasiyitsa, n'kuchiza chilonda, n'kukweza magazi, patapita miyezi anabwera ku kliniki akuyenda okha kuchokera pa siteji ya minibasi. Mtima wawo sunasanduke watsopano ayi, koma matenda anachoka pa siteji 4 kubwerera pa 2. Kasanthuleni m'chikwama cha amayi ndi pansi pa pilo lero lomwe. Pa ululu amwe Panado.

Apa ndiye pali yankho la funso lanu lomaliza lija, ndipo mwati ndikuuzeni zoona. Mtima umene wakula chifukwa cha BP ya zaka zambiri nthawi zambiri subwerera mwakale, mankhwala ndi a moyo wonse. Kafukufuku wa ku Ulaya ndi ku America wakhala akuonetsa kuti mwa anthu opezeka ndi mtima wofooka, pafupifupi theka safika zaka 5. Ndi nambala yolemera ndipo sindikufuna kukubisirani. Koma nambala imeneyi yasakaniza onse, a siteji 1 ndi a siteji 4, omwa mankhwala ndi osiya. Amene ali pa 1 ndi 2 ambiri amakhala zaka zambirimbiri akulera zidzukulu. Amene wakhazikika pa 4 olo alandire thandizo lonse, nthawi yake imakhala yochepa. Chomwe anthu ambiri sadziwa n'choti siteji si chidindo, imayenda uku ndi uku. Munthu amene wafika pa 4 chifukwa chakuti china chake chamukankha, kuchepa magazi, malungo, chibayo, mchere, kusiya mapilitsi, mtima kugunda mosalongosoka, amatha kubwerera chokankhacho chikachotsedwa. Amayi anu chokankha chimodzi tachiona kale, chalembedwa m'buku. Ine ndikanada nkhawa kwambiri mukanandiuza kuti Hb ili 13, impso zili bwino, mankhwala onse akumwa, koma akubanikabe.

Za mankhwala olakwika zija. Sindikukhulupirira kuti ndi olakwika chifukwa choti akufanana ndi a abambo aja, mankhwala a mtima wofooka ndi omwewo kulikonse, chimasiyana ndi mlingo. Furosemide, ambiri amati Lasix, pilitsi lokodzetsa lija, ntchito yake ndi kuchotsa madzi, munthu amapepukidwa msanga nde odwala amalikonda. Koma amene amateteza mtima kuti usapitirire kuwonongeka ndi kutalikitsa moyo ndi ena aja osamveka m'thupi, enalapril, spironolactone, ndi carvedilol kapena bisoprolol. Vuto ndi loti amenewa timayamba pang'ono n'kumakweza pang'onopang'ono tikuyang'ana BP, impso ndi mchere wina wa m'magazi wotchedwa potassium, nde munthu amene matenda afika patali, BP yayamba kutsika yokha, impso zafooka, nthawi zina sangalandire mlingo wokwanira umene mnzake wa siteji 2 akulandira mosavuta. Apanso mukuona kuti kukula kwa matenda kumachepetsa ngakhale zida zomwe tingagwiritse ntchito. Paja amati m'mera mpoyamba. Komanso muonetsetse ngati akumwadi onse, chifukwa amayi ambiri amadumpha Lasix tsiku la ulendo, la maliro kapena la kutchalitchi poopa kukodzakodza, ena amasiya enalapril chifukwa cha kachifuwa kouma kamene amabweretsa, osanena. Kachifuwako kanenedwe, alipo ena olowa m'malo. Ndipo mankhwala akatha kuchipatala chaching'ono, zomwe tonse tikudziwa kuti zimachitika, musangobwerera kunyumba n'kudikira mwezi wamawa, funsani komwe mungawapeze chifukwa masiku ochepa opanda mapilitsi ndi okwanira kuwabwezera mu wodi.

Zoti pali munthu, ndikupempheni ndi mtima wonse achemwali, muziletse zisanakule. Ndikumvetsa pomwe zikuchokera, anthu akaona chinthu chosamveka amafuna chifukwa, ndipo abale anuwo akunena chifukwa chowakonda amayi. Koma chifukwa chilipo ndipo chikuyezeka ndi makina. Nkhani zotere zimathera pa gogo wina wosalakwa m'mudzi, ndipo wodwala amatha milungu akuzungulira kwina, kutemedwa mphini pa miyendo yotupa zimene zimasanduka zilonda zosapola, kumwa zitsamba za m'mabotolo zomwe impso zofooka sizingathe kusefa. Kupemphera apemphere, a mpingo kapena a ku mzikiti abwere, zimamulimbikitsa munthu, koma mapilitsi asasiye olo tsiku limodzi, olo wina anene kuti mwachiritsidwa tayani.

Mwina mukudabwa kuti bwanji osangowaika magazi ambiri nkhani ithe. Kwa wodwala mtima magazi timaika mosamala kwambiri, thumba limodzi pang'onopang'ono maola 3 kapena 4, kawirikawiri pamodzi ndi Lasix, chifukwa mukathira mothamanga mtima wofooka umalephera kulandira ndipo madzi amadzaza m'mapapo. Thumba limodzi kwa munthu wamkulu limakweza Hb ndi 1 basi. Nde mukaona apatsidwa limodzi lokha si nkhanza kapena kumana ayi. Magazi oikidwa ndi ongowolotsa munthu pa mtsinje, okhalitsa ndi amene thupi lipange lokha. Ngati vuto ndi kuchepa kwa ayironi mapilitsi ake amwe miyezi, osati milungu iwiri, apitirizebe miyezi 3 Hb itabwerera, ndipo akayezetsenso pakatha mwezi kuti tione ngati ikukwera, chifukwa kwa odwala mtima matumbo amakhala otupa ayironi salowa bwino. Chimbudzi chimada ndi mapilitsi amenewa, zimenezo zisakuopseni, koma chikakhala chamadzimadzi chonata ngati phula ndi chonunkha kwambiri kanenedwe. Asamwere tiyi, tiyi amatchinga ayironi, bola madzi ndi kachipatso kowawasa, lalanje, gwafa, bwemba kaya malambe. Zakumwa zofiira za m'botolo zija anthu amagulira odwala kuti ziwonjezere magazi mulibe chilichonse cha magazi, ndi shuga ndi utoto. Ndalama imeneyo bola mugule chiwindi, mazira, nyemba, usipa wauwisi. Kondowole ndi chakudya chathu ndipo amakhutitsa, koma ayironi ndi zomanga thupi mulibe zambiri nde ndiwo zake zikhale zenizeni, nsomba, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera.

Ndipo poti tanena za magazi, a Malawi Blood Transfusion Service, amene anakhazikitsidwa mu 2003, magazi ambiri amawapeza kwa ana a sukulu, nde sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala, ndipo holide ya Disembala imakumana ndi nyengo ya malungo pomwe ana ofuna magazi ali mbwee. Abale amene akufunitsitsa kuchitapo kanthu aja, aliyense wathanzi wa zaka 16 mpaka 65 atha kupereka magazi. Limenelo ndi thandizo looneka.

Mchere ndiye nkhondo ya kunyumba, ndipo wophika ndi inu. WHO imati munthu asapyole magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zonse zomwe wadya. Kuno vuto si wa pa tebulo wokha, ndi nsomba zouma zothira mchere, makyubu okometsera ndiwo, tchipisi cha pa chiwaya, ngakhale soda amene timathira mu therere ndi m'masamba ali m'gulu lomwelo. Nsomba youma muziyamba mwaiviika m'madzi n'kutaya madziwo. Apatulireni ndiwo zawo musanathire mchere, mukometse ndi tomato, anyezi, mandimu. Adandaula milungu yoyamba, lilime limazolowera. Za kuchuluka kwa madzi akumwa mufunse adokotala awo, chifukwa kutentha kwa ku Nkhotakota mu Okutobala munthu ali pa Lasix kumuletsa madzi mwachisawawa kuthanso kupweteka impso.

Ngati mungapeze sikelo, ngakhale kubwereka, ayezeni m'mawa uliwonse akangokodza asanadye, mulembe m'kope. Akakwera makilo 2 m'masiku 3 amenewo si mafuta ayi ndi madzi, pitani ku kliniki olo deti isanakwane. Anthu ambiri amene timawagoneka akanabwera masiku anayi m'mbuyo tikanangokweza Lasix n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Popanda sikelo yang'anani mapilo amene akutsamira ngati akuonjezekera, dinani chala pa msong'olo muone ngati dzenje likutsala ndipo kutupa kwafika pati, m'kakolo, m'bondo kaya m'ntchafu. Koma izi zokha musadikire kuti kuche: kubanika atangokhala, kukhosomola thovu loyera kapena lofiirira, kupweteka pachifuwa, kukomoka, kusokonezeka mutu, manja ndi mapazi kuzizira, mkodzo kuchepa kwambiri, kukamwa kupotoka kapena mkono kulefuka mbali imodzi. Nambala ya wa njinga yamoto kapena wa galimoto ikhale mu foni yanu ndi ya wina, ndipo kandalama ka thiransipoti kakhale pambali osakhudzidwa. Paulendo akhale tsonga, musawagoneke.

Zomwezi zimagwiranso kwa ana, poti pakhomo pali zidzukulu. Mwana wa malungo amene zikhatho ndi m'maso mwayera mbee, akupuma mothamanga, akulephera kuyamwa kapena kukhala tsonga, ameneyo ndi wa lero lomwe, ana ambiri amene timataya ndi malungo aakulu ndi kuchepa magazi amatisiya m'maola 24 oyamba atafika, kutanthauza kuti anafika matenda atapita kale patali. Ndipo mwana wa msinkhu wa sukulu akadwala zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite kuchipatala, chifukwa zina mwa zilonda zimenezi zikapanda kuchizidwa ndi penicillin zimadzawononga mavavu a mtima, tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Akapezeka ndi vutoli msanga jakisoni wa penicillin wotchedwa benzathine wa milungu 4 iliyonse amateteza mtima zaka zambiri, akapezeka vavu itatha kale chotsala ndi opaleshoni imene ambiri amakachitira kunja.

Chomaliza chovuta kunena koma ndinene. Zikadzakhala kuti magazi akwera, zonse zokankha zachotsedwa, koma amayi akubanikabe atakhala, pamenepo ndi bwino banja likhale pansi ndi adokotala n'kukambirana momasuka, iwo eni ake ali pomwepo, zomwe akufuna. Chisamaliro chochepetsa ululu ndi kubanika, chija amati palliative care, si cha odwala khansa okha, m'zipatala za boma chilipo ndipo ku Salima kuli a Ndi Moyo amene ntchito yawo ndi yomweyi. Kupempha thandizo limeneli si kuwataya amayi. Koma pa zomwe mwandilemberazi sitinafike pamenepo, pali zambiri zoti zichitike kaye.

Tsiku la kliniki mupite nawo inuyo, musatume mwana. Tengani buku ndi mapilitsi onse m'jumbo, a kuchipatala, a pagolosale ndi zitsamba ngati zilipo, palibe amene akukalipireni. Mufunse kuti magazi akuchepa chifukwa chani ndipo tayeza chani kuti tidziwe, impso zili bwanji, echo inachitika ndipo EF ndi zingati, mtima ukugunda molongosoka kapena pakufunika ECG yojambula kagundidwe ka mtima, ndipo amayi akayamba kutupa kunyumba tichite chani tisanafike kuno. Mayankho apempheni alembe m'buku. Mukabwerako mundilembere Hb yatsopano, creatinine ndi mayina a mapilitsi ndi milingo yake monga alembera, tidzaonere limodzi. Muwapatse moni amayi.